Odwala Maganizo Akhale ndi Gawo Lawo m'Chuma cha Dziko



1. Tonse amene timadutsa pa msika waukulu ndi pa depoti ya mabasi ku Old Town mu mzinda wa Lilongwe timawaona abale athu odwala maganizo, atavala nsanza, akutola zakudya m'zinyalala ndi kugona m'makonde a masitolo. Tazolowera kuwapatukira, ndipo ena amawaseka ndi kuwaponya miyala. Komatu ameneŵa ali ndi maina, ali ndi makolo ndi midzi yawo. Kungoyenda makilomita ochepa tifika ku City Centre, kumene aphungu amavomereza ndondomeko ya chuma cha dziko, ndi ku Capital Hill, kumene Unduna wa Zaumoyo umakonza kagwiritsidwe ntchito ka ndalamazo. Funso lathu ndi lakuti: kodi pogaŵa chumacho, anthu ameneŵa amakumbukiridwa?

2. Malamulo aakulu a dziko lino, m'ndime 13, amapatsa boma udindo wopereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo, ndipo ndime 19 imateteza ulemu wa munthu aliyense. Mu 2001, ku Abuja, atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjeza kupereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Zaka zambiri dziko lathu lakhala likulephera kufika pamenepo, ndipo pa zochepa zomwe zaumoyo zimalandira, gawo la odwala maganizo ndi laling'ono zedi.

3. Zotsatira zake zikuoneka. Chipatala chachikulu cha boma cha matendaŵa chili ku Zomba, pafupifupi makilomita 300 kuchokera ku Lilongwe. Kwa zaka zambiri chigawo chonse chapakati chinkadalira kachipinda kochepa ka pa chipatala cha Bwaila, chomwe akale amachitcha Bottom. Wokhala ku Area 10 kapena ku Area 43 akadwala, abale ake angathe kulipira dokotala wapadera ndi kugula mankhwala. Koma mayi wa ku Mtandire kapena kwa Chinsapo, mwana wake akasokonezeka mutu, amasoŵa ngakhale ndalama ya basi. Mapeto ake amammanga ndi chingwe m'nyumba, kapena kugulitsa mbuzi kulipira sing'anga, banja nkumalozana zala za ufiti. Mankhwala a matendaŵa safuna kudukiza. Akasoŵa mwezi umodzi, wodwala yemwe anayamba kupeza bwino amabwerera pakale.

4. Tikuyamikira anamwino ndi madokotala ochepa amene agwira ntchito yovutayi mosatopa, komanso a St John of God, amene amasamalira odwala maganizo ku Mzuzu ndi kuno ku Lilongwe. Tikuyamikiranso aphungu amene mu 2025 adavomereza lamulo latsopano loloŵa m'malo mwa lija la atsamunda la mu 1948. Koma mipingo ndi yothandiza chabe, mwini udindo ndi boma, ndipo lamulo lopanda ndalama silipereka nkomwe mbulu umodzi wa mankhwala.

5. Choncho tikupempha izi. Choyamba, ndalama za umoyo wa maganizo zilembedwe padera ndi poyera mu bajeti, kuti nzika iliyonse idziŵe zomwe zalonjezedwa ndi zomwe zafikadi. Chachiŵiri, makhonsolo a maboma, amene adapatsidwa mphamvu ndi lamulo la mu 1998, alandire ndalamazo pa nthaŵi yake, ndipo zisapatutsidwire ku misonkhano ndi ma alawansi. Chachitatu, boma liphunzitse ndi kulemba ntchito anamwino a matendaŵa m'zipatala zazing'ono, kufupi ndi anthu. Chachinayi, pomwe boma lagwirizana ndi zipatala za mipingo kuti osauka athandizidwe mwaulere, lizilipira ngongole zake msanga.

6. Nafenso m'maparishi ndi m'miphakati tili ndi gawo lathu. Tiyeni tileke maina onyoza, tiziyendera mabanja amene akudwazika, ndi kuperekeza odwala kuchipatala mwamsanga. Phungu ndi khansala akabwera kwathu, tiwafunse mwaulemu koma mosaopa kuti odwala maganizo awapatsa zingati chaka chino. Makolo athu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Matendaŵa sasankha wa ku Area 12 kapena wa ku Kawale.

Ambuye adalitse odwala onse ndi onse owasamalira.