Chigubu cha madzi si mankhwala a injini yotentha

Chaka chilichonse dzuwa likafika pachimake m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, misewu yokwera mapiri m'dziko muno imadzadza ndi galimoto zoima m'mbali, nthunzi ili tolotolo. Pamtunda wa Chiweta ku Rumphi, pa Khwekhwelere pochoka ku Golomoti kukwera ku Dedza, ngakhalenso pamsewu wochoka ku Chikwawa kudzera pa Thabwa kupita ku Blantyre, nkhani yake ndi imodzimodzi. Dalaivala ali kalikiliki ndi chiguduli m'manja, kondakitala wathamangira kumjigo ndi chigubu, pomwe amayi a geni akhala pansi pa mtengo kudikira, tomato ndi nsomba zawo zikupsa ndi dzuwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zoterezi zidasanduka chizolowezi. Anthu amangoti galimoto yaboila, ngati kuti n'chimodzimodzi kugwa kwa mvula komwe munthu sangakuletse. Chikhalirecho kutentha kwa injini ndi vuto lomwe limayamba pang'onopang'ono, limapereka zizindikiro, ndipo limapeweka ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi zomwe limadzawononga likakula.

Injini ndi ng'anjo. Mwa mphamvu zonse zomwe zili m'mafuta omwe galimoto imamwa, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, mwinanso osakwana, ndi lomwe limayendetsa matayala. Zotsalazo zimasanduka kutentha, kwina kumatuluka ndi utsi pomwe kwina kumayenera kuchotsedwa ndi madzi. Pampu imayendetsa madziwo m'kati mwa injini, amakatenga kutenthako n'kupita nako m'timachubu ting'onoting'ono ta rediyeta momwe mphepo imawaziziritsa, kenaka n'kubwereranso. Galimoto ikamathamanga pamsewu wosalala mphepo imalowa yokha yambiri. Koma ikamakwera phiri pa giya yoyamba kapena yachiwiri, italemedwa ndi anthu komanso matumba a chimanga, injini imagwira ntchito yaikulu pomwe mphepo ikulowa yochepa. Apa m'pomwe kachilema kalikonse ka rediyeta, fani kapena paipi kamaonekera poyera.

Vutoli silisankha galimoto ya wosauka. Ku Britain, m'chaka cha 1970, kampani ya Triumph idatulutsa galimoto yaliwiro yotchedwa Stag. Idali yokongola, yojambulidwa ndi katswiri wa ku Italy Giovanni Michelotti, yokhala ndi injini yamphamvu ya masilinda asanu ndi atatu, ndipo idaonekanso m'kanema wa James Bond wa m'chaka cha 1971. Koma mbiri yake idaipa msanga kaamba ka kuboila. Pampu ya madzi adaiika pamwamba pa injini, moti madzi akangochepa pang'ono inkazungulira yopanda kanthu. M'injini zina mudatsalira mchenga wa kufakitale womwe unkakatseka rediyeta. Komanso injiniyo idali ya chitsulo kumunsi ndi aluminiyamu kumutu, ndiye eni ake akamangothira madzi opanda mankhwala oteteza ku dzimbiri, zitsulozo zinkadyeka ndipo zinyalala zake zinkatseka njira za madzi. Pofika mu 1977 pomwe adasiya kuipanga, adali atapanga galimoto pafupifupi 26,000 zokha.

Chochititsa chidwi n'chakuti zambiri mwa galimoto zimenezi zikuyendabe ku Britain mpaka lero, patatha zaka pafupifupi 50. Eni ake adaphunzira ndondomeko. Amayamba ndi kutsuka injini ndi rediyeta mpaka matope onse atachoka. Amathira mankhwala oyenera chaka chonse, osati m'nyengo yozizira yokha. Akatero m'pomwe amaganiza zoika rediyeta yokhala ndi timachubu tambiri, fani yamagetsi yothandizira galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, ndi kathanki ka madzi koikidwa pamwamba kuti pampu isamasowe madzi.

Phunziro lake ndi loti ngati galimoto yodula, yoyenda m'dziko lozizira, idagonja chifukwa cha dzimbiri ndi mchenga, kuli bwanji minibasi yomwe imanyamuka ku Nchalo masana, kutentha kutapyola madigiri 40, n'kuyamba kukwera phiri? Galimoto zambiri za m'dziko muno zimabwera zitagwirapo kale ntchito ku Japan, kudzera m'madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Zimafika ndi mapaipi okalamba kale, ndipo zikafika zimasenza katundu woposa yemwe zidapangidwira. Toyota Sienta yomwe kwawo inkatengera ana kusukulu, kuno imayenda ulendo ndi ulendo pakati pa misika tsiku lonse osapuma.

Pali zizolowezi zinayi zomwe zikupha injini m'magalaja ndi m'madepoti ambiri, ndipo zonse zimachitika m'dzina lopulumutsa ndalama.

Choyamba ndi kuthira madzi alionse omwe apezeka pafupi. Madzi a mumtsinje amabwera ndi matope. Madzi a m'mijigo yambiri, makamaka m'chigwa cha Shire, ali ndi mchere womwe umaundana m'timachubu ta rediyeta monga umachitira m'ketulo yowiritsira tiyi. Mankhwala otchedwa coolant, omwe ambiri amaganiza kuti ndi a m'maiko ogwa chisanu okha, ali ndi ntchito ziwiri zofunika kuno. Amateteza zitsulo ku dzimbiri komanso amachedwetsa madzi kuwira. Ofunika kusungunula amasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera opanda mchere, ndipo amayenera kusinthidwa malinga ndi nthawi yomwe opanga galimotoyo adalemba.

Chachiwiri ndi kupeputsa chitsekerero cha rediyeta. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma malo akakhala okwera amawira msanga. Ku Dedza, komwe ndi pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, amawira akangofika pa madigiri 95. Chitsekerero chili ndi kasipuling'i komwe kamapanikiza madziwo kuti asawire mpaka atafika cha m'ma 120. Mphira wake ukatha, kapena wina akatsekapo ndi pulasitiki ndi lamba wa chubu, malire amenewa amatsika ndipo madzi amawira pomwe injini ikufunika mphamvu zedi.

Chachitatu ndi kuchotsa thermostat. Kachipangizo aka kamatseka njira ya madzi injini ikakhala yozizira, n'kutsegula ikafika pa madigiri apakati pa 80 ndi 90. Amakaniko ena galimoto ikangofika kuchokera kunja amakachotsa ponena kuti kuno n'kotentha. Zotsatira zake injini imachedwa kufunda m'mawa, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. M'injini zina kachipangizoka ndi komwenso kamatseka njira yachidule ya madzi, moti kakachoka madzi ena amangozungulira m'injini osadutsa m'rediyeta. Thermostat ikafa, mankhwala ake n'kugula ina.

Chachinayi ndi kumata podontha ndi sopo, dzira kapena ufa. N'zoona kuti izi zimatha kufikitsa galimoto pa depoti. Koma zomwe zatseka bowo zimatsekanso timachubu tabwinobwino, ndipo pakatha sabata zingapo theka la rediyeta limakhala litasiya kugwira ntchito.

Mapeto a zonsezi amadziwika. Injini ikatenthetsa, mutu wake womwe amakaniko amautcha silinda hedi umapindika ndipo gasiketi imapsa. Madzi amalowa m'oyilo n'kumaoneka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera umatuluka kumbuyo, ndipo dalaivala akakakamira kuyenda injini imagwirana osatembenukanso. Galimoto yomwe banja lidagula ndi ndalama za fodya wa zaka zitatu, kapena ndi ngongole ya kubanki, imakhala pamiyala miyezi. Fizi ya ana imasowa, dalaivala ndi kondakitala amakhala pakhomo, ndipo ngongole siidikira.

Eni galimoto ali ndi dandaulo lawo ndipo n'lomveka. Zipangizo zonse zimachokera kunja, ndipo kuchokera pomwe ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake idakwera kwambiri. Munthu yemwe akuwerengera ndalama ya mafuta a tsikulo savutika kusankha pakati pa botolo la mankhwala ndi madzi aulere a pamjigo. Komabe kukwera mitengo komweko ndi chifukwa chachikulu chosamalira injini yomwe ilipo. Chitsekerero, thermostat, fanibeluti ndi mapaipi awiri, zonse pamodzi, mtengo wake sungafike ngakhale pafupi ndi wa injini ina. Wothawa kugula zazing'onozi amadzagula chachikulu, ndipo amadzagula ali pamavuto, popanda mpata wonenerera.

Palinso ena omwe amathamangira mbali inayo. Galimoto ikaboila kawiri amakagula rediyeta yaikulu ya aluminiyamu, poganiza kuti athana nalo vutolo. Rediyeta yaikulu siithandiza ngati pampu idatha mapiko, ngati fani sizungulira mokwanira, kapena ngati chivundikiro chozungulira fani chidachotsedwa moti mphepo imangodutsa m'mbali. Siithandizanso ngati gasiketi idapsa kale, chifukwa mpweya wotentha wa m'masilinda umakhala ukulowa m'madzi. Kukulitsa rediyeta n'koyenera kwa galimoto yomwe zonse zili bwino koma ntchito yake idakula, monga yomwe imakwera Chiweta tsiku ndi tsiku kapena yokoka ngolo. Ngakhale pamenepo, katundu wopyola muyezo palibe rediyeta yomwe ingamukhululukire.

Nkhaniyi siikhudza chuma chokha ayi, ikukhudzanso moyo. M'minibasi zambiri injini ili kunsi kwa mipando yakutsogolo, ndiye dalaivala akatukula mpando n'kutsegula chitsekerero injini ili yotentha, madzi owira amathovokera m'kati momwe muli anthu. Madzi a madigiri oposa 100 amasupula khungu m'kanthawi kochepa, ndipo mwana wakhanda ali pamwendo pa mayi ake sangathawe. Geji ikakwera, dalaivala wanzeru amaima pamalo abwino, amatsitsa anthu onse ndi kuwaimika kutali ndi msewu, ndipo amadikira mphindi zosachepera 30 asadakhudze chitsekerero. Sathira madzi ozizira m'injini yotentha chifukwa chitsulo chimatha kung'aluka. Ngati malo oimapo ali patsogolo pang'ono, kuyatsa hita ya m'galimoto kumathandiza kuchotsako kutentha kwina, ngakhale okwera angadandaule.

Makolo adziwenso kuti coolant ndi poizoni. Amakhala wobiriwira, wofiira kapena wabuluu ngati chakumwa cha ana, ndipo amatsekemera. Kumusunga m'botolo la zakumwa pakhonde kapena kumutaya pabwalo pomwe ana, agalu ndi nkhuku zimafika ndi kuitana maliro. Mwana akamwa, ngakhale pang'ono, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti ayambe kudwala, chifukwa mankhwalawa amawononga impso.

Udindo waukulu uli ndi eni galimoto. Mwini minibasi yemwe amafuna ndalama yake yokwana madzulo alionse, koma osalola galimoto kupuma tsiku limodzi kuti itsukidwe rediyeta, ndiye amakakamiza dalaivala kuyenda ndi zigubu. Kuyang'ana madzi m'mawa injini isadalire, kufinya mapaipi kuona ngati afewa kapena kuuma, kuchotsa udzu ndi tizilombo kumaso kwa rediyeta, ndi kusuzumira pansi ngati padonthera, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Madzi akamachepa tsiku ndi tsiku ndiye kuti pali pomwe akupita, ndipo pamenepo pafufuzidwe.

Amakaniko nawo asiye kuchita zinthu mongotengera zomwe adaona kwa abwana awo. Ambiri adaphunzira ntchito pansi pa mtengo ndipo ali ndi luso lenileni, koma injini za masiku ano, zomwe fani yake imalamulidwa ndi kompyuta, sizifanana ndi za zaka 30 zapitazo. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Mzuzu, lingachite bwino kufikira amakaniko a m'misika ndi maphunziro afupiafupi m'chilankhulo chomwe amamva. Bungwe la eni minibasi nalo lili ndi mwayi wokumana ndi mamembala ake m'madepoti onse, ndipo uthenga wotere sufuna ndalama zambiri kuti ufalikire.

Nthambi yoona za pamsewu, yomwe imapereka chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda, isamangoyang'ana mabuleki, matayala ndi magetsi. Galimoto yonyamula anthu yomwe ikudontha madzi idzafera pakona paphiri usiku, pomwe lole yotsika ndi katundu singathe kuima msanga. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards nalo liziyendera mashopu a zipangizo za galimoto kuti wogula botolo la mankhwala azipezamo mankhwala enieni.

Okwera nawo ali ndi mawu. Munthu yemwe walipira ndalama yake ali ndi ufulu wotsika pomwe dalaivala akufuna kutsegula rediyeta yotentha, ndiponso wokana kukwera galimoto yomwe yayamba kumwetsedwa madzi isadatuluke n'komwe m'depoti. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kufunsa kuti zigubu zomwe zili kunsi kwa mpando n'zachiyani si chipongwe.

Nyengo yotentha imabwera pa nthawi yake chaka chilichonse, ndipo mapiri a Chiweta, Khwekhwelere ndi Thabwa sadzasuntha. Nthawi yotsuka rediyeta, kusintha mapaipi ndi kubwezeretsa thermostat ndi miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, pomwe anthu ambiri amakhala atagulitsa mbewu ndipo ndalama ili m'thumba. Yemwe wachedwa chaka chino asadikire chaka chamawa, apite kugalaja sabata ino.