Galu Akaluma Munthu Amene Sanamupute

Galu akaluma munthu wongodutsa m'njira, mkangano umabuka pa mawu awiri: kuputa ndi chifukwa. Abale a wolumidwa amati galu waluma popanda chifukwa. Mwini galu amakana, amati galu wake sangangoluma munthu chilumire. Onsewa amaona ngati akutsutsana, chonsecho akukamba zinthu ziwiri zosiyana. Kuputa ndi zimene munthu wachita, monga kugenda galu kapena kumukoka mchira. Chifukwa ndi chimene chili mwa galuyo, ndipo chimakhalapo ngakhale munthu asanalakwe kalikonse.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo kuluma nako kuli ndi gwero lake. Nthawi zambiri gwerolo ndi mantha. Galu amene amakhala pa tcheni usana ndi usiku alibe kothawira mlendo akayandikira, choncho chomwe chimamutsalira ndi mano. Wina amaluma chifukwa cha ululu wa khutu kapena wa mafupa, wina poteteza ana ake kapena chakudya. Palinso chibadwa chothamangitsa chilichonse chothawa, n'chifukwa chake okwera njinga ndi ana othamanga amalumidwa asanamuone n'komwe galuyo.

Kendal Shepherd, dokotala wa ziweto wa ku Britain, anafotokoza zizindikiro za galu wopanikizika ngati makwerero. Amayamba ndi kuyasamula ndi kunyambita mphuno, kenako amatembenuza mutu, amachokapo, amaumitsa thupi, amalira mokwiya, ndipo kuluma kumadza pomaliza. Anthu ambiri saziona zoyambirirazo. Choipitsitsa n'chakuti galu amene amamenyedwa nthawi zonse akalira mokwiya amaphunzira kusiya chenjezolo, ndipo tsiku lina amangoluma mwakachetechete. Pamenepo mwini wake amalumbira kuti zachitika mwadzidzidzi.

Chiwewe chili pachokha. Kachilombo kake kamawononga ubongo, moti galu wofatsa amasanduka wolusa popanda womuyamba. Bungwe la World Health Organization limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera wa chiwewe mu 2015. Apa mawu oti "sanamupute" ndi ofunika kuchipatala, pakuti kuluma kotere kumakulitsa chikaiko cha chiwewe. Bala liyenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo wolumidwa apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Vuto lalikulu limadza pamene chifukwa cha galu chasandutsidwa mlandu wa wolumidwa. Kunena kuti galu anachita mantha sikutanthauza kuti mwana wopita kusukulu analakwa podutsa pageti, ndipo mwini galu amene amabisala kuseri kwa mawu amenewa akuthawa udindo wake.

Makhoti nawo avutika ndi tanthauzo la kuputa. Lamulo la ku Illinois, m'dziko la America, limati mwini galu alipire ngati galu wake wavulaza munthu amene sanamupute. Mu 1976 khoti la apilo kumeneko linaweruza mlandu wa mwana wa zaka ziwiri ndi theka amene anaponda mchira wa galu mwangozi, galuyo akudya fupa. Galu anamukanda m'diso. Oweruza anagamula kuti kuputa sikulira cholinga, kuti kuponda mchira mosadziwa ndi kuputa ndithu, ndipo poti galuyo anangokanda kamodzi osapitirira, banja la mwanayo silinalandire chipukuta misozi.