Wojambula Agulugufe Sachita Chibwana

Pali anthu amene akaona mnyamata atagwada m'tchire, foni ili m'manja, akulondalonda gulugufe, amapukusa mitu nkumati wasowa chochita. Ena amafika ponena kuti zimenezo n'zachizungu. Anthu oterewa akulakwa, ndipo kulakwa kwawoko kukulipiritsa dziko.

Pa phiri la Mulanje pali gulugufe wina amene akatswiri anamulemba m'mabuku m'chaka cha 1926 namutcha Cymothoe melanjae, dzina lochokera ku phiri lomwelo. Mu 1965 David Gifford anasindikiza mndandanda wa agulugufe a m'Malawi. Kodi onse amene anawalembawo akadalipo? Yankho silingachokere mu ofesi. Lingachokere kwa munthu amene wapita m'nkhalango, wamuona gulugufeyo ndi maso, wamujambula, nalemba tsiku ndi malo.

Ntchitoyi si yamasewera monga onyozawo amaganizira. Wojambula amalawira m'mamawa, pamene gulugufe akadali wozizidwa ndipo watambasula mapiko kuothera dzuwa. Amanyang'ama mosamala kuti chithunzithunzi chake chisagwere pa kachilomboko, pakuti kakangoona mdima kamauluka. Agulugufe a mtundu wa Charaxes, amene amathamanga ngati mbalame, sacheukira maluwa kwenikweni. Iwo amatsikira nthochi zoola, utomoni wotuluka m'mitengo, ngakhale ndowe. Ndiye munthu amakhala duu pambali pa zonunkhazo kwa ola lathunthu, udzudzu ukumudya, kudikira kuti ajambule pamwamba ndi pansi pa mapiko, chifukwa mitundu ina imasiyana ndi timadontho tochepa chabe. Waulesi sangapirire zotere.

Osonkhanitsa akale ankagwira agulugufe ndi ukonde, kuwapha ndi kuwabaya ndi singano m'mabokosi amene ambiri ali kunja kwa dziko lino. Kamera imasiya gulugufe wamoyo kuti akaikire mazira.

Koma nkhani yaikulu ili pa mitengo. Mbozi za agulugufe ambiri zimadya masamba a zomera zowerengeka zokha. Wootcha makala akagwetsa mitengo imeneyo, kapena wosaka mbewa akayatsa tchire, gulugufe amatha mwakachetechete, popanda womulira maliro. Chithunzi chokhala ndi tsiku lake ndicho chidzachitire umboni kuti pa chigwa chakutichakuti panali nkhalango. Zodabwitsa n'zakuti wonyamula thumba la makala kutsika phiri anthu amamupatsa moni waulemu, pamene wonyamula kamera ndiye amamuseka.