Kabokosi ka Chokoleti ndi Ndowa ya Mtedza



Mwezi wathawu ndidapita ku Lilongwe kukagula mabuku a ana a kumadrasa kwathu kuno ku Kapondo. Nditatha zimene ndidapitira, mnzanga wina amene tidaphunzira limodzi kukoleji adandikokera m'kasitolo kena kogulitsa chokoleti. Chokoleti chake si chija cha m'mapepala onyezimira chimene timachiona m'magolosale. Ichi amachipanga okha ndi manja kuseri kwa sitoloyo, ndipo amachiyala m'galasi timibulu timibulu, kalikonse kosaposa chala chachikulu.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, tsono ndisanaloze kanthu ndidafunsa mayi amene ankagulitsayo. "Pepani achemwali, kodi mwa izi mulibe zimene mwathiramo mowa?"

"Mwachita bwino kufunsa, bambo," adatero iwo. "Za mzere wapansiwu muli mowa wa ramu, ndipo zofewa zoyerazi muli jelatini. Zinazo ndi koko, shuga, mkaka ndi zokometsera za m'munda basi."

Abale anga, pamenepa tichenjerepo. Chokoleti chopanga pamanja nthawi zambiri sichikhala ndi pepala lofotokoza zimene zili m'kati, ngakhale chizindikiro cha Halaal. Opanga ena amathira ramu kapena burande m'phalaphala la m'katimo, ndipo jelatini amachokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, kawirikawiri nkhumba. Kufunsa sikulipiritsa ndipo wogulitsa wachilungamo sakwiya nako.

Ndidasankha timibulu tisanu ndi kamodzi. Atanditchulira mtengo ndidayamba ndatsokomola, chifukwa ndalama yake inkaposa imene amayi anga amalandira akagulitsa ndowa yathunthu ya mtedza wosasenda. Komabe manyazi adandigwira, ndidalipira. Mayi aja adandilangiza kuti ndikakulunge kabokosiko m'nsalu, kasaone dzuwa, popeza mafuta a koko amasungunuka pa kutentha kochepera pang'ono kwa thupi la munthu. Ulendo wonse wa m'minibasi ndidakafungatira ngati khanda lobadwa kumene.

Usiku titadya nsima tidakhala pamkeka anthu anayi: ine, mayi a kunyumba, amayi anga ndi mwana wathu wachisamba. Ndidatenga mpeni nkudula kambulu kalikonse panayi. Lamulo lake, monga adandiuzira kusitolo kuja, ndi lakuti osatafuna ngati chimanga chokazinga. Uike palilime, utseke pakamwa, udikire.

Tidayamba ndi kakuda bii, kamene adati magawo 70 mwa 100 aliwonse ndi koko yekhayekha. Podula kadalira kuti thyo! ngati kamtengo kouma. Poyamba ndidamva kuwawa konga kwa khofi wopanda shuga, kenaka kowawasa pang'ono ngati masuku osapsetsa, ndipo kutsekemera kudabwera pomalizira penipeni. Mwana uja adakwinya nkhope nkunena kuti tamupatsa mankhwala a malungo. Kachiwiri kadali ka mkaka, ndipo apa ndi pomwe adakhululuka. Ka khofi kadakomera mayi a kunyumba. Ka malambe kadatidabwitsa tonse, chifukwa ufa womwe uja ana amamung'unya panjira yopita kusukulu udagwirizana bwino zedi ndi kuwawa kwa koko. Ka tsabola kadayamba mwaulemu, koma titameza kadatiyatsa moto kukhosi mpaka amayi kuitanitsa madzi.

Tidatsiriza ndi kambulu kokhala ndi phala lofiirira m'kati. Amayi adakaika palilime, adakhala chete kanthawi, kenaka adandiyang'ana. "Mwanawe, uwu si mtedza uwu? Chiponde chenichenitu ichi! Ndiye wapita mpaka ku Lilongwe kukagula chiponde pamtengo wa ndowa?"

Tidaseka mpaka misozi. Koma nditagona, mawu amenewa adandisowetsa tulo.

Kodi nchiyani chimasandutsa nthanga zowawa ndi mtedza wamba kukhala chinthu chodula chonchi? Yankho lake ndi ntchito imene imachitika mbewu itachoka kale m'munda. Chipatso cha koko chimabereka pathunthu penipeni pa mtengo, ndipo m'kati mwake mumakhala nthanga 30 kapena 40 zokutidwa ndi zoterera zoyera. Mlimi amaziunjika nkuzivundika ndi masamba a nthochi kwa masiku asanu kapena asanu ndi awiri, akumazitembenuza. Kukoma konse kwa chokoleti kumayambira pamenepa. Akafulumira kuvundukula, nthanga zimakhala zowawa mopanda pothawira. Kenaka amaziyanika padzuwa pafupifupi sabata, ndipo zikapanda kuuma bwino zimachita nkhungu, fungo lake silichokanso ngakhale uthire shuga wochuluka bwanji. Wopanga chokoleti amazisankha, kuzikazinga, kuzipeta, nkuzipera pamodzi ndi shuga kwa maola ambiri, nthawi zina masiku awiri kapena atatu, mpaka lilime lisamvenso mseche. Pomaliza amazitenthetsa ndi kuziziziritsa mwa muyeso kuti chokoleti chiwale ndi kuthyoka bwino.

Mtengo wa koko kwawo ndi ku South America, ndipo anthu akale a ku Mexico ankamwa koko wowawa wothira tsabola. Chokoleti cholimba chodya ngati chathuchi chidayamba mu 1847 ndi kampani ya Fry ku Bristol, m'dziko la England, ndipo cha mkaka adachipanga ndi Daniel Peter ku Switzerland mu 1875. Mu 1879 mmisiri wina wosula zitsulo, Tetteh Quarshie, adabwera ndi nthanga za koko ku Ghana kuchokera pachilumba cha Fernando Po. Lero pafupifupi theka la koko wa dziko lonse lapansi limachokera ku Ghana ndi Côte d'Ivoire. Kufupi ndi kwathu kuno amalimidwa kwambiri ku Kyela m'dziko la Tanzania, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ndiponso alimi ena a ku Karonga ali nayo mitengoyi. Chomvetsa chisoni nchakuti mafakitale akuluakulu a chokoleti ali ku Ulaya ndi ku America, ndipo alimi ambiri a koko amakalamba osalawako chokoleti. Wolima amalandira zochepa, wopera ndi wokulunga ndiye amadya zonona.

Alimi ena a ku Ghana adakana kungoyang'ana. Mu 1993 adakhazikitsa bungwe lawo la Kuapa Kokoo, ndipo mu 1998 adakhala eni ake a gawo la kampani ya ku London yopanga chokoleti cha Divine. Musaganize kuti izi nzakutali. Kuno ku Mchinji komwe, bungwe la alimi la MASFA lidalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004, ndipo mtedza wa m'minda yathu yomweyi udakagulitsidwa m'masitolo a ku Britain. Chidatsegula khomo limenelo chidali kusamala: kuumitsa bwino, kusankha ndi kuyeza chuku.

Nanga ife timatani? Tikakumba mtedza timauyanika pansi pachinyontho. Pofuna kuti usendeke msanga timauwaza madzi, ndipo ena, tisabisane, amauwaza kuti ukalemere pasikelo ya venda. Madzi amenewa ndiwo amaitana chuku, nkhungu ija imene poizoni wake amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kukazinga sikumuchotsa. Wabwino timagulitsa, wofota ndi wowola uja timasinja nsinjiro zothira m'phala la ana athu omwe. Pamenepa tabera wogula pamuyeso, tadziphera msika, ndiponso tadwalitsa a m'nyumba mwathu. Munthu wopanga chokoleti sangagule mtedza wotere ngakhale utatsika mtengo chotani, chifukwa njere imodzi yowola imaononga mphika wonse.

Sindikunena kuti tonse titsegule masitolo a chokoleti. Koko sangachite bwino ku Kapondo kuno, amafuna dera lotentha ndi la mvula yambiri. Koma mtedza tili nawo, Chalimbana ndi CG7 yemwe. Tiuumitse bwinobwino usanalowe m'thumba, tisende wouma, titaye wowola osauumirira. Amayi a m'magulu angathe kusonkherana kachigayo kopera chiponde, nkumagulitsa m'mabotolo aukhondo m'malo mopereka ndowa kwa venda mwezi wokolola, pamene mtengo uli pansi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kabokosi kaja sitidakataye. Amayi akusungiramo singano ndi mabatani, ndipo mlendo aliyense akafika amamuonetsa nkumuuza kuti mwana wawo wophunzira adagula chiponde ku Lilongwe. Chaka chino anenetsa kuti mtedza wawo sauwaza madzi, ndipo akufuna ndikawafunsire kwa mayi a kusitolo aja ngati angagule wosankhasankha. Ndalonjeza kuti ndikafunsa ndithu, ndipo yankho lake ndidzakuuzani m'kope likudzali, Insha Allah.