NYUMBA YA ALENDO IMAFUNA MWINI WAKE

Tikudziwa kuti pakati pa awerengi athu, makamaka ogwira ntchito m'Boma amene atsala pang'ono kupuma, alipo amene akulingalira zokamanga tinyumba togona alendo kwawo ku Dedza ndi ndalama za penshoni. Maganizo amenewa ndi abwino ndipo tikuwayamikira, pakuti ndalama imene yabwerera kumudzi imalemba anthu ntchito ndi kutukula dera. Komabe tikufuna kuchenjeza kuti nyumba ya alendo siili ngati nyumba ya lendi imene mwini wake amangodikira kutha kwa mwezi. Ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo munthu woiyamba mosakonzeka angathe kumwaza m'zaka 3 zokha chuma chimene adachikhetsera thukuta kwa zaka 30.

Palibe angatsutse kuti boma la Dedza lili ndi zambiri zokopa alendo. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, pamsewu waukulu wa M1, ndipo ndiyo tauni yokwezeka koposa zonse m'dziko muno, pakuti ili mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Phiri la Dedza limafika mamita pafupifupi 2,200. Ku Chongoni kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, zina zofiira zimene adasiya Akafula, zina zoyera zimene adajambula makolo a Achewa, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mlendo akatsetsereka ndi msewu wa ku Golomoti amakafika ku Mua, kumene kuli mishoni imene idayamba m'chaka cha 1902 ndiponso malo a zachikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adakhazikitsa m'chaka cha 1976.

Izi zikutiphunzitsa kuti mlendo wopita ku Dedza amatsata phiri, mphepo yozizira, bata ndi mbiri ya makolo athu. Choncho tinyumba 2 kapena 3 tomangidwa bwino, toyang'ana kuphiri, kutali ndi phokoso la malo omwera mowa, tiposa chinyumba cha zipinda 20 chimene ndalama zidathera pa lintala. Yambani pang'ono, ndipo muzionjezera pokhapokha alendo akayamba kubwerera chifukwa chosowa malo.

Musanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe, longosolani za malo. M'midzi yambiri ya Achewa malo ndi a mbumba, ndipo mwamuna amene wamanga pamalo a kuchikamwini popanda pepala lililonse angadzachoke chimanjamanja banja likatha kapena mkazi akamwalira. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 lidapereka njira yolembetsera malo otere kudzera m'komiti ya zamalo ya m'deralo. Khalani pansi ndi eni mbumba pamodzi ndi mfumu, mugwirizane poyera, ndipo zonse zilembedwe. Dziwaninso kuti nkhalango za Boma, monga ya Chongoni ndi ya m'phiri la Dedza, zimatetezedwa ndi lamulo, kotero munthu sangamangemo popanda chilolezo cha Dipatimenti ya Zankhalango. Mukatha apo, lembetsani bizinesi yanu, tengani chiphaso ku khonsolo ndiponso ku nthambi ya Boma yoona zokopa alendo, ndipo muzikhoma msonkho m'nthawi yake. Nyumba yopanda chiphaso ingatsekedwe tsiku lililonse, ngakhale alendo ali m'kati.

Tsono tinene za chisanu, chifukwa ku Dedza nkhani yaikulu ndi imeneyi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mlendo wochokera ku Nsanje kapena ku Salima sapeza tulo ndi bulangete limodzi. Bedi lililonse likhale ndi mabulangete osachepera awiri, ochapa bwino, ndipo madzi osamba otentha azipezeka m'mamawa mlendo asanapemphe. Koma tikuchenjeza mwamphamvu kuti wantchito asayerekeze kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda chogona. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene ulibe fungo ngakhale mtundu, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Ngati mukufuna kuti alendo aziotha moto m'nyumba, mangani malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni chotulutsa utsi bwino, ndipo chumunicho muzichipala mwaye chaka ndi chaka nyengo yozizira isanafike.

Nyengo zina nazonso zili ndi zofuna zake. Mvula ndi nkhungu za kumapiri zimabweretsa chinyezi, ndipo chipinda chimene chakhala chotseka sabata yathunthu chimayamba kununkha chuku. Mazenera azitsekulidwa tsiku lililonse ngakhale kulibe mlendo, matiresi aziyanikidwa padzuwa, ndipo denga lionedwe mwezi wa Okutobala mvula isanagwe. Kamsewu kopatukira kunyumbako kathiridwe miyala ndi kukumbiridwa ngalande, chifukwa mlendo amene galimoto lake latitimira m'matope sadzabweranso. M'chilimwe udzu ukauma, lambulani mozungulira nyumba zonse kuti moto wolusa wa m'tchire usafike, makamaka ngati mwayandikana ndi mitengo ya paini. Thanki yosungira madzi ndi nyale zoyendera mphamvu ya dzuwa zisasowe, pakuti mlendo angakhululuke zambiri koma sakhululuka chimbudzi chopanda madzi.

Zonsezi sizingachitike ngati mwini wake akhala ku Lilongwe namangofunsa palamya kuti zinthu zikuyenda bwanji. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Anthu ambiri amalakwa posiya nyumba m'manja mwa mphwawo kapena mlamu wawo amene salandira malipiro, nkumadabwa kuti ndalama sizioneka. Munthu wosalipidwa amadzilipira yekha, ndipo chifukwa ndi mbale simungathe kumudzudzula. Lembani wantchito wodziwa kulandira alendo, kaya ndi mbale kaya ndi wapadera, mugwirizane naye za ntchito yake ndi malipiro ake molemba, ndipo mumlipire pa tsiku lake. Inu eni ake muzifika kawirikawiri mosalengeza. Nthawi zina mugone m'chipinda cha alendo, musambe m'bafa lawo, ndipo mudzadziwa nokha ngati muli nsikidzi kapena ngati chitseko sichikhomeka.

Pa nkhani ya ndalama, pakhale buku lolembamo dzina la mlendo aliyense, tsiku lofika ndi tsiku lochoka, ndiponso buku la malisiti la manambala otsatana. Ndi bwino kuti alendo azilipira kubanki kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, pa nambala ya bizinesi, kuti ndalama iliyonse isiye phazi. Thumba la nyumba ya alendo lisasakanizidwe ndi thumba la pakhomo. Powerengera phindu musaganize kuti zipinda zidzadzaza masiku onse 30 a mwezi. Werengerani ngati kuti alendo adzabwera Lachisanu ndi Loweruka lokha, ndiye kuti masiku 8 kapena 9 pa mwezi, ndipo muone ngati ndalama imeneyo ingalipire mlonda, wophika, sopo ndi msonkho, nkutsalako ina yokonzera zoonongeka. Ngati siikwana, musakongole ndalama kubanki. Achibale ndi mabwenzi nawonso auzidwe mwaulemu kuyambira pachiyambi kuti chipinda cha alendo n'cholipira.

Kwa inu amene mukadali pantchito ya Boma tili ndi mawu apadera. Si kulakwa kukhala ndi bizinesi, malinga mwatsata malamulo a ntchito yanu. Kulakwa ndi kugwiritsa ntchito udindo wanu pokokera misonkhano ya ofesi kunyumba yanu ya alendo, kapena kutuma galimoto la Boma kukatuta mchenga ndi simenti. Mchitidwe wotere ndi katangale, umanyozetsa Boma pamaso pa anthu, ndipo mathero ake ndi kutaya ntchito, penshoni ndi nyumba yomwe.

Pomaliza, nyumba ya alendo iyenera kukhala mwamtendere ndi mudzi umene yamangidwamo. Mbatata ya kachewere, kabichi, nyemba ndi tomato zigulidwe kwa alimi a pafupi, monga a ku Bembeke, ndipo mlendo amwere tiyi m'kapu youmbidwa ku Dedza Pottery konko. Anyamata ndi atsikana a m'deralo aphunzitsidwe kuperekeza alendo kuphiri ndi kumapanga a Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, ndipo aziwaletsa kugwira zojambulazo, kuzithira madzi kapena kulemba maina awo pamiyala. Mlendo akafuna kuona Gule Wamkulu, nkhaniyo idzere kwa mafumu, eni mzinda, ndipo asajambule chithunzi asanaloledwe. Koposa zonse, mwini nyumba asagule makala kapena nkhuni zakuba za m'phiri. Phirilo likayera, akasupe adzaphwa, ndipo alendo sadzakhalanso ndi chifukwa chobwerera. Dzalani mitengo yanu ya nkhuni chaka chomwecho mukuyamba kumanga.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene waona amakazisimba kutali kumene ife sitidzafikako. Akagona ndi chisanu m'nyumba imodzi, amakanyoza Dedza yense ndi Malawi yemwe. Chifukwa chake tikupempha atsogoleri a m'madera, mafumu ndi makhansala kuti azilangiza anthu ofuna kuyamba ntchito imeneyi, ndi kudzudzula amene akuichita mosasamala. Ndipo inu amene mwagwira kale ndalama ya penshoni m'manja, dzifunseni ngati muli okonzeka kukhala pafupi ndi nyumbayo ndi kuiyang'anira nokha. Ngati simuli okonzeka, ndalamayo isungeni kufikira mutakonzeka.