LAMULO LA ANA LIFIKE KUMUDZI

M'caka ca 2022 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano loona za ana, lochedwa Children's Code Act, limene linalowa m'malo mwa Juveniles Act ya 1956, lamulo la m'nthawi ya atsamunda. Kale mwana wa zaka 8 anali kutha kuzengedwa mlandu. Tsopano mwana wosafika zaka 12 sazengedwa konse. Lamuloli liletsa kutsekera ana pamodzi ndi akulu, ndipo pa milandu ing'onoing'ono lilola kuti mwana apepese, abweze cimene anaononga ndi kulangizidwa, osafika kukhoti. Ili ndi lamulo labwino ndithu. Koma lamulo liyesedwa pa polisi ya kumudzi, osati mu Lusaka.

Bvuto loyamba ndi la zaka. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osafika zaka 5, ana 14 okha ndiwo analembetsedwa kubadwa kwao ku Boma. Mnyamata wa zaka 16 wamsinkhu wautali, wogwidwa ndi mbuzi yakuba, alibe pepala lomuikira umboni. Wapolisi amuyesa ndi maso, namulemba kuti ndi wamkulu, ndipo citetezo conse ca lamulo cithera pomwepo.

Laciwiri ndi la malo. M'caka ca 2010 bungwe la Human Rights Watch linapeza ana akugona m'zipinda zimodzi ndi akaidi akuluakulu m'ndende za dziko lino. Lamulo silimanga cipinda. Pamene polisi ili ndi citokosi cimodzi cokha, mwana woba nkhuku agona pambali pa cigawenga, ndipo aturukamo ataphunzira zimene sanali kudziwa.

Lacitatu ndi mtunda. Sukulu yowongolera anyamata ya Katombora ili kufupi ndi Livingstone, ya Nakambala ili ku Mazabuka, ndipo ya atsikana ya Insakwe ili ku Ndola. Kucokera ku Chipata kufika ku Katombora ndi ulendo woposa makilomita 1,000. Kodi mlimi wa ku Chama kapena ku Chadiza angaupeze kuti mtengo wa basi wokaonera mwana wace? Mwana woiwalika ndi abale abwera kwao ngati mlendo.

Motero Boma liyenera kumanga zipinda za ana pa mapolisi, kupatsa nduna zosamalira anthu zoyendera kuti milandu isacedwe, ndi kuganizira za sukulu yotere ku Cigawo ca Kum'mawa.

Anthu a m'midzi nawonso ali ndi mbali yao. Makolo alembetse ana akangobadwa ndi kusunga bwino makhadi a kusikelo. Mwana akagwidwa, kholo lisabisale cifukwa ca manyazi, koma lipite naye kupolisi ndi kukhoti. Mafumu ndi anyakwawa aletse mcitidwe womenya ana ogwidwa akuba, popeza kumenyako ndi mlandu paokha. Kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo mwana wolakwa lero ndiye adzalima munda wa mudzi mawa.