Unzika Usasanduke Chida cha Ndale

Lamulo la unzika lili ngati malire a munda: sasunthidwa chifukwa chodana ndi munthu mmodzi. Tikumbukire za ku Zambia m'chaka cha 1996. Boma la a Frederick Chiluba lidasintha malamulo kuti wopikisana pa upulezidenti akhale yekhayo amene makolo ake onse awiri adali mbadwa za dzikolo. Aliyense adadziwa kuti chala chikuloza a Kenneth Kaunda, amene bambo awo adachoka ku Nyasaland kukalalikira ku Lubwa. Mu 1999 khoti la ku Ndola lidafika pogamula kuti munthu amene adalamulira Zambia zaka 27 alibe dziko.

Tsono wandale akamanyoza mnzake pamsonkhano kuti ndi "wobwera", musafulumire kuwomba m'manja. Ambiri a ife agogo athu adawoloka malire kuchokera ku Mozambique.